Tinatsala pang'ono kugulitsa puloti chifukwa cha makina ochiza ubongo

Bambo a Tadala andilola kulemba nkhaniyi, bola ndisatchule dzina lawo. Ndi akalipentala, timakhala ku Area 25, ndipo akudwala matenda a maganizo amene kuchipatala amati depression. Ndikulembera makamaka inu amene m'nyumba mwanu muli munthu amene wamwa mapiritsi miyezi ndi miyezi osaona kusintha, chifukwa zikafika pamenepo munthu umakhulupirira chilichonse chimene wauzidwa, ndipo ndalama zimapita mosavuta.

Iwo sanayambe ndi kulira ayi. Anayamba kudzuka usiku cha m'ma 3 koloko, n'kukhala m'mphepete mwa bedi mpaka kunja kuyera. Kenako kupita kushedi kunayamba kuwavuta. Panali bedi la kasitomala wina limene anali atalidulira kale miyendo ndi mafelemu, koma linakhala pakona mpaka matabwa anapindika ndi chinyezi cha dzinja. Foni ikalira ankayang'ana dzina la woimbayo, n'kuivundikira patebulo. Ndikawaikira nsima ankatema mbamu ziwiri, yotsalayo n'kuumira m'mbale. Thalauza linayamba kuwavuka m'chiuno. Ndikawafunsa chimene chikuwapweteka ankangoti, "Mayi a Tadala, mutu wangawu walemera. Ine ndikungokutopetsani chabe."

Apongozi anga anati kumudzi kuli anthu ansanje, wina wawachita chipongwe mwana wawo chifukwa chogula malo m'tauni. Anzawo a kushedi ankati alimbe mtima, mwamuna sagona chifukwa cha maganizo. A kutchalitchi anabwera kudzapemphera, ndipo mapemphero sitinasiye mpaka lero. Koma mu 2023 tinapitanso kuchipatala. Anawayeza malungo, BP ndi shuga, zonse zili bwino, ndiye anawapatsa amitriptyline, piritsi limodzi usiku. Tulo tinabwerako pang'ono, pakamwa pankawauma, koma munthu anali yemwe uja. Patapita miyezi anawasinthira ku fluoxetine. Nawonso sanaonetse kanthu kogwirika. Tsiku lina namwino wina anatiuza kuti alipo anthu amene matendawa amawakanira mankhwala, ndipo mawu amenewo ndinabwera nawo kunyumba ali olemera kuposa matendawo.

Ndiye kunabwera vidiyo. Alamu anga amene ali ku Joni anaitumiza pagulu la WhatsApp la banja. Munali mzungu atametedwa mpala, atamuveka chipewa chachikulu kumutu, akulowa m'makina ojambula mkati mwa thupi a MRI. Wofotokoza ankati madokotala akuchiza ubongo popanda mpeni, popanda magazi, pogwiritsa ntchito focused ultrasound, ndipo munthu amatuluka tsiku lomwelo. Alamu anawonjezera uthenga wa mawu: "Alamu, mankhwala ake ndi amenewa. Achimwene asafe tikuona."

Musawaone ngati munthu wopupuluma. Amawakonda achimwene awo, ndipo munthu amene ali kutali amavutika mwapadera chifukwa sangachite kanthu koma kutumiza ndalama. Sabata isanathe anali atapeza munthu wina pa Facebook amene ankati amakonzera odwala maulendo a kuzipatala zakunja, ndipo munthuyo ankafuna ndalama ya chikole mu madola tisanaone ngakhale kalata ya dokotala. Banja linakumana pakhomo pathu Lamlungu masana, alamu ali pafoni. Atsibweni awo a bambo a Tadala, amene mawu awo pabanjapo ndi omaliza, anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, ngati zakuno zalephera tiyese zakunja. Chimene chikanagulitsidwa ndi puloti yathu, imene tinaigula ndi ndalama za zitseko ndi za banki m'khonde. Mwini matenda anakhala chete msonkhano wonse, maso ali pansi. Ine ndinapempha chinthu chimodzi: "Atsibweni, mundipatse nthawi ndikafunse kaye kwa anthu amene ntchito yawo ndi imeneyi."

Ndinayamba kuwerenga usiku pafoni, ndipo zimene sindinamve ndinkazilemba m'kope. Kenako tinapeza mwayi woonana ndi dokotala wa matenda a maganizo weniweni, osati wa matenda onse. Zimene ndilembe apazi ndi zimene ndinapeza m'njira ziwirizo.

Makinawo alipodi, si bodza. Ultrasound ndi mafunde a phokoso losamveka ndi khutu, omwe aja amene amatijambula nawo mimba tikakhala oyembekezera. Kusiyana kwake n'kwakuti makina a sikani amangoona, pomwe awa amasonkhanitsa mafundewo pamalo amodzi aang'ono mkati mwa mutu. Amene munasewerapo ndi galasi lokulitsira zinthu padzuwa mukudziwa: dzuwa lomwelo silipsereza pepala, koma likadutsa pagalasi n'kukumana pakadontho kamodzi, pepala limafuka utsi. Chipewa chija cha m'vidiyo chili ndi timagwero 1,024 totulutsa mafunde. Funde lililonse limadutsa m'chigaza ndi mu ubongo osawononga kanthu, koma pamene onse akumana pamatentha kufika madigiri pafupifupi 55 mpaka 60, ndipo kachigawo ka ubongo kamene kali pamenepo kamafa. Amameta tsitsi lonse, amamangirira mutu pachitsulo kuti usagwedezeke, madzi ozizira amazungulira pakhungu kuti lisapse, ndipo wodwala amakhala maso kwa maola angapo mu MRI madokotala akuona kutentha kwake pakompyuta. Makina odziwika kwambiri ndi a kampani ya Insightec ya ku Israel.

Apa ndi pamene vidiyo ija sinanene zonse. Bungwe loona za mankhwala la ku America, la FDA, linavomereza njirayi mu 2016 pochiza matenda onjenjemera manja otchedwa essential tremor, ndipo mu 2018 linaivomerezanso pa kunjenjemera kwa matenda a Parkinson. Nditaionanso vidiyo ija modekha ndinazindikira kuti mzungu uja ankasonyeza dzanja lake litasiya kunjenjemera, akumwa madzi m'kapu osataya. Sanali wodwala depression. Pa depression FDA sinaivomereze njirayi ngati chithandizo cha tsiku ndi tsiku, ikadali pa kafukufuku. Ku Seoul, m'dziko la South Korea, madokotala analemba mu 2018 za odwala anayi okha. Ku chipatala cha Sunnybrook ku Toronto, m'dziko la Canada, analemba mu 2020 za odwala depression asanu ndi mmodzi, ndipo amene anapezako bwino moonekeratu anali awiri. Pamenepo amawotcha kanjira ka mitsempha kolumikiza mbali ya kutsogolo ya ubongo ndi ya mkati, kumanja ndi kumanzere komwe. Anthu amene amawatengawo amakhala oti adwala zaka zambiri ndipo ayesa chilichonse chimene chilipo. Ndipo malo owotchedwawo sabwerera. Piritsi likakuipira umalisiya, koma ichi ukachita wachita.

Palinso mtundu wachiwiri, umene ndi umene anthu ambiri akuulankhula masiku ano. Uwu mphamvu yake ndi yochepa, suwotcha, cholinga chake n'kungodzutsa kapena kukhazika pansi mitsempha ya pamalo amene akufuna. Chimene chikukopa akatswiri n'chakuti mafundewa angafike mkatikati mwa ubongo, m'zigawo ngati amygdala zimene zimakhudzana ndi mantha ndi nkhawa, popanda kuboola chigaza. Kunena zoona, nditawerenga zimenezi mtima wanga unadumpha, ndipo mpaka lero ndimakhulupirira kuti pali tsogolo. Koma nawonso auyesa pa magulu aang'ono a anthu, ndipo akatswiri akufufuzabe malo oyenera kulunjika, mphamvu yoyenera, ndi kutalika kwa nthawi imene phindu lake limakhala.

Adokotala anandifotokozeranso mmene kafukufuku amayendera, ndipo apa ndi pamene ndinaleka kuyankha mauthenga a munthu wa pa Facebook uja. Malo a mu kafukufuku sagulidwa kudzera mwa dobadoba. Ochita kafukufukuwo ndi amene amasankha anthu, atawerenga mbiri yonse ya matenda. Amafuna munthu wokhala pafupi, woti azibwera kudzamuona kwa miyezi yambiri, nthawi zina chaka. M'kafukufuku wambiri ena mwa odwala amaikidwa pamakina osayatsa mafunde enieni, iwo osadziwa, kuti ayerekeze zotsatira. Pa mtundu wowotcha uja amayamba ajambula chigaza, chifukwa fupa la anthu ena sililola mafunde kudutsa bwino, ndipo munthu angabwezedwe atafika kale. Tangoganizani kugulitsa malo, kusaka madola pamsika wakuda chifukwa kubanki kulibe, kukwera ndege ndi munthu wodwala, n'kukauzidwa zimenezo. Ndipo wina akakuuzani kuti kakiliniki kena kali ndi makina a ultrasound kotero kangachite zimenezi, dziwani kuti akunena za sikani wamba, amene ndi chinthu china kotheratu.

Chimene chinasintha zinthu kwa ife si nkhani ya makinayo, koma zimene adokotala aja anachita pambuyo pake. Anatenga kabuku ka kuchipatala ka bambo a Tadala n'kuyamba kuwerenga tsamba ndi tsamba, cholembera chili m'manja, akulemba papepala lina madeti ndi milingo. Anatenga nthawi, anthu ali pamzere panja. Kenako anati, "Mayi, mawu oti matenda akana mankhwala ali ndi tanthauzo lake. Timanena choncho munthu akamwa mitundu iwiri ya mankhwala, uliwonse pamlingo wokwanira, kwa masabata osachepera anayi mpaka asanu ndi limodzi, tsiku lililonse osadumphitsa, koma osachira. Tiyeni tione ngati bambowa anafika pamenepo."

Sanafike. Amitriptyline uja ankamwa wa 25 mg, mlingo umene umathandiza tulo kapena ululu, pomwe wochiza depression mwa munthu wamkulu nthawi zambiri umayambira pa 75 mg kupita m'mwamba. Palibe amene anawakwezera. Fluoxetine ankamwa wa 20 mg, koma m'kabuku munali mipata. Mwezi wina kuchipatala kumene tinkalandira mankhwala anatha, anatilembera kuti tikagule. Inali nthawi imene kwacha inagwa ndi 44 peresenti, mu Novembala 2023, ndipo ku famase mitengo inkasintha sabata ndi sabata, shedi ili yotseka. Tinkagula a masiku ochepa, akatha n'kudikira. Mankhwala amenewa sagwira ntchito ngati panado. Amatenga masabata kuti ayambe kuoneka, ndipo ukadukiza zimakhala ngati wayambiranso. Anatiuzanso za kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa STAR*D, wa mu 2006, amene anapeza kuti amene amachira ndi mankhwala oyamba ndi munthu mmodzi yekha mwa atatu. Kulephera kwa oyamba si chachilendo ngakhale kumene mankhwala sasowa.

Anafunsanso mafunso amene palibe anali atafunsapo. Anafunsa ngati panali nthawi ina m'moyo mwawo imene ankakhala masiku osagona koma ali ndi mphamvu zodabwitsa, akulankhula kwambiri ndi kumwaza ndalama, chifukwa zikatero angakhale matenda a bipolar, amene mankhwala ake ndi ena. Anatumiza magazi kukayeza chithokomiro ndi kuchuluka kwa magazi. Anafunsa za ma ARV, chifukwa efavirenz, amene ambiri ankamwa dziko lathu lisanasinthire ku dolutegravir mu 2019, amasokoneza tulo ndi maganizo mwa anthu ena. Kenako anandipempha kuti ndituluke kaye. Pobwerera kunyumba mu minibasi bambo a Tadala anandiuza okha kuti madzulo akamati akukawongola miyendo ankadutsira pa kachasu, kuti mutu uleke kuganiza. Mowa umakankhira munthu pansi pomwe mankhwala akuyesa kumudzutsa.

Pali funso lina limene adokotala anafunsa ine ndili pomwepo, limene linandizizira m'mimba: "Bambo, kodi mumaganizako zochotsa moyo wanu?" Iwo anayankha kuti inde, kawirikawiri, makamaka mbandakucha uja. Ine ndinkaopa kuti kufunsa zimenezi n'kumupatsa munthu nzeru yoipa. Adokotala anati si choncho, kufunsa mwachindunji kumamasula munthu amene wakhala akusenza yekha. Tsiku lomwelo ndinachotsa m'nyumba mankhwala onse a kumunda ndi zina zoopsa n'kukasiya kwa achemwali anga. Mapiritsi awo ndinayamba kusunga ndine, kuwapatsa a tsiku limenelo basi. Tinagwirizana kuti maganizowo akabwera usiku andidzutse, ngakhale ndigone bwanji. Anandidzutsapo. Tinkangokhala pabalaza, ndawaphikira tiyi, mpaka ana kudzuka. Inu amene muli ndi wodwala wotere, funsani funso limeneli lero, ndipo akavomera musamusiye yekha, mupite naye kuchipatala osadikira tsiku limene anakulemberani.

Ndinabwerera kwa atsibweni ndi kope langa. Alamu sanakondwe poyamba, ankaona ngati ndikukakamira malo kusiyana ndi moyo wa m'bale wawo, ndipo mawu amenewo anandipweteka. Ndinawauza kuti, "Alamu, ngati mukufuna kuthandiza achimwene anu, ndalama imene mukanaika pa tikiti muzitumiza pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, mankhwala asadzathenso m'nyumba muno." Ndi zimene akuchita, ndipo sanaphonyepo.

Adokotala anakweza mlingo wa fluoxetine, ndipo ulendo uno anamwa osadukiza. Mowa anasiya, ngakhale sizinatheke tsiku limodzi. Patatha miyezi iwiri chilakolako cha chakudya chinabwerera, tulo tinatalikirako, koma kuseka kunalibe ndipo kushedi sankafunako. Apa ndiye adokotala anavomera kuti matenda awo ndi ouma ndithu, n'kuwonjezera mankhwala ena apamwamba pa oyambawo. Dzina lake sinditchula, kuopa kuti wina angakagule yekha, chifukwa amenewo amafuna kuti dokotala azikuyang'anira.

Anatiuzanso kuti pakati pa mapiritsi ndi makina a m'vidiyo aja pali masitepe ambiri amene ali ndi umboni wa zaka. Pali lithium, amene amawonjezera pa mankhwala ena koma amafuna kuyeza magazi ndi impso pafupipafupi. Pali TMS, yogwiritsa ntchito maginito pamutu, imene ku America inaloledwa mu 2008. Pali esketamine wopopera m'mphuno, wa mu 2019. Ndipo pali ECT, ija anthu amaitcha ya magetsi n'kumaiopa. Inayamba ku Rome mu 1938, ndipo mbiri yake yoipa inachokera m'masiku amene ankaichita munthu ali maso. Lero amayamba amugoneka munthu ndi mankhwala ngati ku opaleshoni, n'kumupatsanso ofewetsa minofu. Imasiya vuto la kuiwala zinthu zina, makamaka za masiku ozungulira chithandizocho, koma pa depression yoopsa, imene munthu wasiya kudya kapena ali pafupi kudzivulaza, ili m'gulu la njira zamphamvu kwambiri zimene madokotala ali nazo. Zinandidabwitsa kuti banja lonse linali lokonzeka kuwotchetsa ubongo kunja, koma nditatchula ECT apongozi anagwira pakamwa.

Mbali ina imene ndinkaiderera ndi ya uphungu. Ndinkati kucheza kungachize chiyani? Mlangizi amene ankaonana nawo sankawalalikira kapena kuwauza kuti alimbe mtima. Ankatenga mavuto amene ankawazungulira m'mutu, ngongole ya matabwa, makasitomala okwiya, fizi ya Tadala, n'kusankha limodzi lokha loti alimbane nalo sabata imeneyo. Njira imeneyi ndi yofanana ndi ya Friendship Bench, imene Dixon Chibanda anayambitsa ku Harare pophunzitsa agogo aakazi kumvetsera anthu pabenchi, ndipo yayesedwanso m'zipatala zina kuno kwathu. Ntchito yawo yoyamba inali yongopita kushedi, kutsegula, kusesa, n'kubwerera. Sabata inayo ananola matchizulo. Kenako ine ndi iwo tinapita limodzi kwa kasitomala wa bedi lija kukapepesa. Ananena mawu ake owawa, koma anavomera kudikira, ndipo analandira bedi la matabwa atsopano. Mlangiziyo ankati munthu wa depression asamadikire kuti chilakolako chibwere kaye, chifukwa chimabwera m'mbuyo mwa ntchito. Ndinaziona ndi maso anga.

Kwa inu a mu Lilongwe, poyambira ndi pachipatala cha m'dera lanu, koma mupemphe kuonana ndi namwino kapena dokotala wa matenda a maganizo, ndipo zikavuta akutumizeni patsogolo. Ku Area 43 kuli a St John of God, amene ntchito yawo ndi imeneyi, ndipo chipatala chachikulu cha boma cha matendawa chili ku Zomba. Mukamapita mutenge timabuku tonse, takale ndi tatsopano, mapaketi a mankhwala amene munthu akumwa, ngakhale azitsamba, ndipo mulembe papepala masiku amene mankhwala anadukiza. Mufunse dzina la piritsi, mlingo wake, ndi tsiku limene adzaunikenso ngati likugwira ntchito. Wodwala asapite yekha, chifukwa akafika pamaso pa dokotala amangoti "ndiliko bwino" kuti abwerere msanga kunyumba.

Bambo a Tadala sanachiriretu. Amagwira ntchito mpaka masana, ndipo alemba mnyamata wowathandiza kupala matabwa. Pamakhala masabata ena amene mbandakucha uja umabwerera, makamaka ndalama zikavuta. Adokotala anena kuti mankhwala asasiyidwe chifukwa choti munthu wayamba kuseka, ayenera kupitiriza kwa miyezi yosachepera isanu ndi umodzi atachira, ndipo kwa munthu amene matenda ake anali ouma chonchi, nthawi yake imatalika kuposa pamenepo. Tinakambirana kale tonse atatu, iwo ali bwino, zoyenera kuchita akadzagwanso kwambiri, ndipo anavomera okha kuti ECT idzaganiziridwe. Tinalemba zimenezi m'kabuku kawo, ndipo atsibweni ndi alamu akudziwa.